Galimoto ya Malemu Rafaeli

Phokosolo linayambira ku Chigumula, Veronica akuchokera ku Bvumbwe ndi kabichi wodzadza kumbuyo kwa pikapu. Atasintha giya n'kuchotsa phazi pa kilachi, pansi pa galimoto panamveka kuti gu! ngati wina wamenya mgolo ndi hamala. Atawonjezera liwiro, mpando unayamba kunjenjemera, chiwongolero nacho chimodzimodzi, mpaka azimayi amene anakhala pamwamba pa matumba kumbuyo anayamba kugogoda pagalasi.

"Amake Selina, n'chiyani chimenecho?" anakuwa Zeinabu, neba wake, amene ankakwera naye m'mawa uliwonse kukaoda tomato.

"Gwiritsitsani basi, tifika," anayankha Veronica. M'mutu mwake munali mawu amodzi okha: giyabokisi. Mwamuna wake ankakonda kunena kuti galimoto ikafa giyabokisi, mwini wake ayambe kufunsa mtengo wa njinga.

Mwamuna wakeyo, Rafaeli, anali atamwalira nyengo yachisanu ya chaka chomwecho. Kale ankayendetsa lole pa fakitale ina ku Makata. Matipate atabwera, anthu akuvina m'misewu kuti ufulu wafika, fakitaleyo inagulitsidwa ndipo ogula anati antchito achuluka. Rafaeli anabwera kunyumba ndi envulopu, Veronica anaonjezerapo zomwe anasunga pa geni yake ya mandasi ndi kusoka, n'kugula kapikapu kakale kobiriwira kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Matenda atayamba kumufooketsa, Rafaeli anamutengera mkazi wake pabwalo la mpira ku Bangwe n'kumuphunzitsa kuyendetsa. Amuna a pa bawo ankaseka, ana akuthamangira galimotoyo ikamadumphadumpha ngati chule, koma Veronica anapirira mpaka anatenga laisensi. Miyezi yonse imene Rafaeli anali chigonere, galimotoyo ndi imene inagula mankhwala, kulipira lendi, ndi kusunga mwana wawo Selina ku sekondale.

Maliro atatha kumudzi ku Phalombe, Evance, mng'ono wake wa malemu, anabwera ku Bangwe ndi lole yahayala. Anatenga filiji, wailesi, masofa, masuti ndi nsapato, ngakhale mbale zapagome za ukwati. Makina osokera okha ndi amene anapulumuka, chifukwa Zeinabu anawabisa pansi pa bedi lake usiku wa maliro. Galimoto anaisiya, poti Evance anali asanapeze dalaivala.

"Muziyendetsa kaye, alamu," anatero akumanga zingwe pa lole. "Koma mudziwe kuti ndi ya mbumba. Ana ndi anu, kwathu ana ndi a kuchikazi. Katundu wa achimwene ndi wathu. Amalume akabwera kumapeto kwa mwezi wamawa tidzakhala pansi."

Tsiku la phokosolo, atatsitsa kabichi mumsika wa Ndirande, Veronica anayendetsa pang'onopang'ono kupita kwa a Hamis. Bamboyu anali makaniki wachikulire, mnzake wa Rafaeli kuyambira kale. Galaja yake inali pansi pa mtengo wa bulugama kuseri kwa chigayo, pamalo pakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri. Anamupeza akutsuka zitsulo m'chitini cha palafini.

"Amake Selina, mwaswera bwanji? Galimotoyi ndaimvera patali, ikudandaula."

"Ndaswera choncho, a Hamis. Ndikuona ngati giyabokisi yatha."

"Tisathamange. Tandipatsani makiyi."

A Hamis anakwera, analiza injini, anaika giya yobwerera n'kusiya kilachi pang'onopang'ono. Gu! Anaika giya yoyamba. Gu! Anabwereza kangapo atapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera nkhani ya m'chipinda china. Kenako anazimitsa, anaika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, anayala katoni pansi n'kulowa chagada. Veronica ankangoona nsapato zawo zong'ambika ndi kumva zitsulo zikulira.

"Tabwerani mudzaone nokha," anaitana ali pansi pomwepo. "Galimoto ndi yanu, muyenera kudziwa matenda ake."

Veronica anamanga bwino chitenje, anagwada pakatoni n'kusuzumira. Pansipo panali chitsulo chachitali ngati mpope, chochokera pakati pa galimoto kukafika pakati pa matayala a kumbuyo.

"Iyi ndi shafiti," anatero a Hamis. "Ndi imene imatenga mphamvu ku giyabokisi kupititsa ku matayala. Kumapeto konse kuwiri kuli kachitsulo konga mtanda, timati kolosi. Ndi kamene kamalola shafiti kupindika galimoto ikamadumpha m'mabampu. Gwirani apa, kutsogolo. Potozani."

Veronica anapotoza. Chitsulocho sichinagwedezeke.

"Tsopano kumbuyo kuno."

Atangogwira, shafitiyo inasewera m'manja mwake, kwe-kwe-kwe, ngati dzino logwedera. A Hamis anapisa chala pa mtandawo n'kumuonetsa. Chalacho chinali ndi fumbi lofiira ngati la njerwa.

"Mwaona? Muno mumakhala tizitsulo ting'onoting'ono ngati masingano, tosambira m'girizi. Girizi anauma kalekale, timasinganoto taperesana mpaka tasanduka fumbi ili. Giyabokisi yanu ili bwinobwino. Difu, yogawira mphamvu matayala a kumbuyo, nayo ilibe mlandu. Chatha ndi kolosi yakumbuyoyi basi."

Veronica anapumira m'mwamba. Kwa kanthawi anamva kupepuka, mpaka anatsala pang'ono kuseka. Anadzuka, anasasa mawondo, n'kukhala pa tayala lakale. Apo m'pamene chimwemwe chija chinazilala, chifukwa anakumbukira kuti galimoto imene wasangalalira kuti sinafe inali ndi mwini wina amene akungodikira tsiku.

"Ikhoza kuyenda nthawi yaitali bwanji ili chonchi?" anafunsa.

A Hamis anatuluka pansi paja akupukuta manja. "Limenelo ndi funso lovuta, mayi. Mwina sabata, mwina mwezi, mwina lero lomwe mukubwerera ku Bangwe. Chitsulo sichitsanzika."

"Ikaduka chimachitika n'chiyani?"

"Mukachita mwayi, shafiti imangogwa, galimoto n'kuima. Mukapanda mwayi, muli pa liwiro, imakwapula pansi ponse, kudula mapaipi a mabuleki, kuboola thanki. Ndinaonapo pikapu itagubuduka pa mtsetse wa ku Chileka chifukwa cha kachitsulo komweka."

Veronica anayang'ana chigayo chikufuka ufa pazenera. "Mwezi ukundikwanira," anatero.

A Hamis anapitiriza kupukuta manja. Nkhani ya Evance ankaidziwa; ku maliro analiko, ndipo Ndirande ndi Bangwe sizibisirana kanthu.

"Ndikonzere ndani, a Hamis?" anapitiriza Veronica, mawu akukwera. "Ndigule chitsulo chatsopano kwa amwenye, mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku chonchi, kuti Evance adzayende mofewa? Munthu amene mkulu wake akudwala anabwera kamodzi kokha, n'kuima pakhomo atatseka mphuno? Ndinkachapa ndekha, ndinkanyamula ndekha. Lero wadziwa njira ya ku Bangwe."

"Ndikumva, mayi."

"Simungangothiramo girizi wambiri kuti isiye kulira?"

"Ikhoza kuchepetsa phokoso masiku angapo. Alipo amene amachita zimenezo akafuna kugulitsa galimoto. Koma ine ayi. Ndikatero ndiye kuti ndatseka pakamwa chinthu chokhacho chimene chikukuchenjezani." Kenako anafunsa: "Evance akaitenga, akufuna azidzachita nayo chiyani?"

"Matola. Akuti Machinjiri mpaka Lunzu."

"Ndiye kuti wokhala kumbuyoko sadzakhala Evance."

Mawu amenewo anamuwawa Veronica kuposa onse a Evance. Anaimirira n'kutenga makiyi pa boneti.

"Chilungamo n'chosavuta kwa inu amene simunalandidwe ngakhale sipuni," anatero. "Aliyense akufuna kuti ine ndikhale munthu wabwino. Nanga amene akundidya ine akuwauza ndani?"

A Hamis anaweramitsa mutu. "Muyende pang'onopang'ono, mayi. Musapitirire giya yachitatu."

Anafika ku Bangwe akukwawa ngati ngolo, maminibasi akumuimbira mahutala kumbuyo, makondakitala akukuwa kuti mayi akaphike. Galimoto anaiimika pakhomo n'kuisiya masiku awiri osaigwira. M'nyumba munali mbee, pamene panali masofa pakuoneka zizindikiro zokha pasimenti. Anakhala pamkeka akuganiza. Sanabise kwa mtima wake chimene ankafuna. Ankamuona Evance ataima m'mbali mwa msewu wa ku Lunzu, manja ali m'chiuno, shafiti ili gone m'fumbi, anthu akumutukwana kuti awabwezere ndalama zawo. Chithunzi chimenecho chinkamukomera ngati tiyi wa shuga wambiri. Koma akachiyang'anitsitsa, galimotoyo sinkaima bwinobwino m'mbali mwa msewu monga ankafunira. Inkapendekeka, ndipo kumbuyo kwake kunkakhala anthu amene sanamulakwire.

Madzulo a tsiku lachiwiri dzuwa lisanalowe, Zeinabu anafika ali ndi mwana kumbuyo, dengu lopanda kanthu lili m'manja.

"Anzanga, mawa tipita? Ana kunyumba angodya phala lokha lero. Azimayi enanso akufunsa."

"Galimoto ili ndi vuto."

"Aa, si kaphokoso komwe kaja? Tinafika bwinobwino dzana. Tiyeni, Mulungu alipo."

Veronica anayang'ana khanda lomwe linali mtulo, mutu utapendekera pa phewa la amake. Malo a Zeinabu m'galimoto anali pamwamba penipeni pa tayala lakumbuyo, pamene Veronica anagwira chitsulo chogwedera chija. Anali ataganiza kwambiri za anthu a ku Lunzu, n'kuiwala kuti mwezi umene ankati ukumukwanirawo, okwera anali azimayi omwewa ndi iye mwini.

"Zeinabu, makina anga aja akadali pansi pa bedi?"

"Alipo. Bwanji?"

"Mawa mundiperekeze nawo ku Limbe."

Makinawo anawagula telala wina wa pakhonde la sitolo, amene anawatembenuza uku ndi uku akunena zolakwika zomwe kunalibe. Veronica sanalimbane naye. Anawoloka msewu n'kulowa m'shopu ya masipeya, anatuluka ndi kabokosi kokwana m'dzanja limodzi. Makina amene anasokera mayunifolomu a ana a Bangwe yense anasanduka kachitsulo kolemera ngati mbatata imodzi.

A Hamis atamuona sananene za tsiku lija. Anamasula mabauti, anatulutsa shafiti n'kuigoneka pa chitsa. Anachotsa timawaya totchinga, n'kuyamba kukhoma ndi hamala mpaka zivindikiro za kolosi yakale zinatuluka. M'kati mwa chimodzi munalibe ngakhale singano imodzi, fumbi lokhalokha, ndipo mkono wa mtandawo unali utadyeka n'kuwonda ngati pensulo.

"Mwezi sukanakwana," anatero a Hamis chapansipansi.

Anatsegula yatsopano, timasingano tili ndondondo mozungulira, tikunyezimira m'girizi. Anailowetsa mosamala kuti kasingano kangagwe, anakhoma pang'onopang'ono, anapinda uku ndi uku kuti amve ngati ikuyenda momasuka, n'kubwezera shafiti m'malo mwake. Veronica atafuna kuwalipira, anakankha dzanja lake.

"Rafaeli anandikokapo usiku ndi usana galimoto za makasitomala zikandifera panjira. Pitani."

Galimotoyo inatuluka m'Ndirande ili zii, ngati tsiku limene anakaitenga kwa mzungu uja. Veronica anasintha magiya onse osamva kanthu. Pa msewu wa ku Limbe anapeza kuti akulira, osadziwa ngati akulirira mwamuna wake, makina ake, kapena kufewa kwa galimotoyo. Anadziuza kuti masabata otsalawo agwira ntchito ngati bulu, maulendo awiri pa tsiku, kuti Selina apeze fizi ya teremu yotsatira.

Anayenda maulendo a masiku awiri okha. Lamlungu la sabata yomweyo, akuchokera ku tchalitchi, anapeza Evance atakhala pakhonde ndi amalume ake, mkulu wa imvi wovala jekete lomwe Veronica analizindikira kuti linali la Rafaeli. Pafupi ndi galimoto panaima munthu wachilendo akumenyamenya matayala ndi phazi.

"Alamu, mwaswera?" anatero Evance mosekerera. "Amalume abwera msanga, kumudzi kuli ntchito. Ndiye tati tingomaliza lero. Awa ndi adalaivala."

"Munati kumapeto kwa mwezi wamawa. Munati tidzakhala pansi."

"Si takhala apa?" anatero amalume aja. "Mayi, ife sitinabwerere mkangano. Mwambo mukuudziwa. Bweretsani makiyi ndi mapepala."

Veronica anayang'ana uku ndi uku. Maneba anali ataima m'makhonde mwawo, ena atagwira Mabaibulo, onse ali chete. Pa wailesi masiku amenewo ankalankhula kwambiri za ufulu wa amayi amasiye, koma wailesi yakeyo inali kwa Evance ku Machinjiri. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makiyi.

Evance ndi dalaivala wake anaiyesa kukafika kumsika n'kubwerera. Evance anatsika nkhope ikuwala, n'kusisita boneti.

"Amalume, ikuyenda ngati yatsopano! Achimwene ankadziwa kusamala galimoto, eeh. Ngakhale kaphokoso."

"Ndaikonzetsa ine," anatero Veronica. "Lachinayi lomweli. Ndagulitsa makina anga osokera kuti ndigule chitsulo chake."

Evance anakweza nsidze. "Makina? Munali ndi makina? Bwanji sitinawaone tsiku lija?"

Amalume aja anatukula dzanja kumuletsa. "Zisiye zimenezo. Mayi, mwachita bwino. Ndi mmene mkazi waulemu amasungira katundu wa mwamuna wake. Tikanena kumudzi."

Anakwera onse atatu kutsogolo. Veronica anaima pakhomo mpaka galimotoyo inakhota pa golosale ya pakona. Zeinabu anabwera kudzamugwira mkono, koma iye anauchotsa.

"Musandipepese," anatero. "Ndikapepesedwa ndikuwa."

Kuyambira pamenepo ankapita ku Bvumbwe pa matola a anthu ena, atakhala pamwamba pa matumba ngati wina aliyense, akulipirira dengu lililonse. Makasitomala ake a mumsika wa Ndirande anapeza wina wowabweretsera kabichi. Iye anatsala ndi kabenchi m'mbali mwa msewu ku Bangwe. Selina anabwera ku holide ndipo sanabwererenso kusukulu. Anapeza ntchito yolera ana kwa banja lina ku Kanjedza. Nthawi zina Veronica akamva dalaivala wa matola akukukuta magiya, phazi lake lamanzere linkaponda lokha pa thumba la kabichi.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso. Tsiku lina kunabwera uthenga wochokera kwa Evance: abale akambirana, ndipo aona kuti si bwino mwana wa malemu kukhala wopanda chokumbukira bambo ake. Galimoto ibwerere kwa Selina. Amake abwere adzaitenge.

Veronica sanakhulupirire, koma anapita. Anakwera minibasi mpaka pamene msewu wa phula unathera, n'kuyenda wapansi pakati pa minda ya chimanga ndi nyumba za zidina. Pikapu ija anaipeza kuseri kwa nyumba ya lendi ya Evance. Inakhala pa njerwa, matayala onse kulibe. Galasi lakutsogolo linali litasweka, mipando atazula. Atatukula boneti anaona udzu ukumera pansi, podutsa pamene panali injini. Kumbuyo, nkhuku inali itafungatira mazira pa chiguduli.

Evance anatuluka akutokosa m'mano. Anali ataonda, malaya akumukhwepa.

"Alamu, mwabwera. Madalaivala a masiku ano ndi mbava, anaipha injini osathira oyilo. Zinazo tinagulitsa kuti tilipire apolisi ndi zina. Koma bodi ikadali yolimba. Munthu wodziwa akhoza kuidzutsa."

Veronica anayang'anabe udzu uja.

"Ndiye mupeze chokokera msanga," anapitiriza Evance. "A landilodi akufuna kumanga bafa pamalo pano. Akuti isafike Loweruka ikadali pano, apo ayi andikweza lendi."

Veronica anatsitsa boneti bwinobwino ndi manja awiri mpaka inatsekeka. Anapukuta dzimbiri la m'manja pa chitenje chake.

"Ndi ya mbumba, alamu," anatero. "Muitanitse amalume adzakuthandizeni kunyamula."

Evance anamutsatira mpaka pa mpanda akulankhula, poyamba monyengerera, kenako motukwana, kuti ndi mkazi wosayamika, kuti n'chifukwa chake abale sanamukonde chiyambire. Veronica sanacheuke. Anadutsa m'minda muja mofulumira, chifukwa anali atasiya benchi yake m'manja mwa Zeinabu, ndipo tomato wa dzulo anali atayamba kale kufewa.